Msewu Umene Sunafike

Kutsogolo kwa geti lathu kuli chivindikiro chachitsulo cha dzenje la mapaipi a madzi oipa. Chinatumphuka pamwamba pa msewu ndi zala zinayi. Ndinachiyeza ndi dzanja langa tsiku limene mwana wanga wamng'ono anachigunda ndi njinga, n'kugwa chafufumimba, n'kusupuka bondo ndi chigongono. Nditamutsuka mabala ndinabwerera panja, ndinagwada, n'kuika chikhatho m'mbali mwa chitsulocho. Mtima unkandiwawa, ndipo ndinkangoti amisiri anachiika mwaulesi.

Bambo wina wachikulire wa nyumba yapakona, amene anagwira ntchito ya misewu zaka zambiri asanapume, anandipeza ndili chigwadire. Anayang'ana chivindikirocho, anayang'ananso uku ndi uku, kenako anati: "Mayi, chitsulochi chili pamalo pake. Umene sunafike ndi msewuwu."

Anandifotokozera modekha. Msewu wa phula amauyala m'magawo, lina pamwamba pa linzake. Omanga nyumba zambiri pamalo amodzi amayamba ayala gawo lapansi kuti magalimoto azidutsa, koma gawo lomaliza, losalala lija, amaliimika mpaka malole a simenti ndi njerwa atasiya kuyendamo, kuopa kuti angaliwononge. Zimenezo n'zomveka. Koma zivindikiro ndi timaenje tolowera madzi a mvula amaziikiratu pa msinkhu wa msewu wotha. Ndiye gawo lomalizalo likapanda kubwera, madzi sangakwere phiri kuti akalowe m'ngalande. Amangodikha m'mbali, kulowerera pansi pang'onopang'ono, kufewetsa dothi, ndipo pakadutsa mvula ziwiri zitatu msewu umene sunathe n'komwe umayamba kukumbika. Wathu unali m'chaka chachitatu uli chonchi.

Ndinaimbira kukhonsolo. Anandiyankha mwaulemu kuti msewu umenewo sanaulandire, ukadali m'manja mwa kampani imene inadula mapuloti ndi kumanga nyumbazo. Ndinaimbira kukampani, foni inangolira. Kaofesi kawo kogulitsira nyumba, kamene kanali pachipata ndi mbendera zake, anali atakapasula kalekale. Tinavumbwa pakati pa mapanga awiri, chikhalirecho msonkho wa nyumba tinkalipira osaphonya. Nditawauza bambo aja, anati: "Musatope ndi mafoni. Pitani mukapemphe pangano."

Ndinali ndisanamvepo kuti pali pangano lina kupatula limene ndinasaina pogula nyumba. Koma lilipo, ndipo ndi limene limalamula mmene dera lonse lidzakhalire. Kampani ikafuna kusandutsa malo aakulu kukhala mapuloti a nyumba, chilolezo sichibwera chokha. M'maiko ambiri khonsolo ndi kampaniyo zimalemberana pangano lonena kuti ndani alambule misewu ndipo ikhale yotakata bwanji, ndani ayale mapaipi a madzi akumwa ndi a madzi oipa, ndani aike magetsi a mumsewu, malo angati asiyidwe a sukulu, chipatala kapena bwalo loseweramo ana, ndalama zingati ziperekedwe zokulitsira msewu waukulu umene magalimoto atsopanowo adzadzazemo. Amasaina awiri. Koma amene adzakhale nalo panganolo zaka makumi asanu, kuliponda m'mawa uliwonse popita kuntchito, pa nthawi yokambiranayo amakhala kulibe, chifukwa nyumba zawo zimakhala zisanamangidwe.

Chifukwa chimene khonsolo ili ndi mphamvu yopempha zonsezi si chovuta kumvetsa. Munda wa kunja kwa mzinda uli ndi mtengo wa munda. Tsiku limene khonsolo yavomereza kuti pamenepo pamangidwe nyumba, dothi ndi lomwe lija, ziyangoyango ndi zomwe zija, koma mtengo wake umakwera kangapo konse. Mwini malo sanakhetse thukuta kuti ukwere. Waukweza ndi sitampa ya chilolezo, komanso mzinda umene wayandikira pamodzi ndi misewu, mapaipi ndi masukulu zimene anthu onse analipira ndi misonkho yawo. Kuwonjezera apo, mabanja mazana atsopano amabwera ndi katundu wawo: ana ofuna makalasi, magalimoto ofuna njira, madenga ndi makonde a simenti amene amatumiza madzi onse a mvula kwa anthu okhala kunsi. Wina ayenera kulipira, ndipo akapanda kulipira amene wapindula ndi chilolezo, amalipira aliyense.

Maiko akhala akulimbana ndi funso la kagawidwe kameneka kwa nthawi yaitali. Mu 1947 boma la Britain linayesa kutenga phindu lonse lobwera ndi chilolezo, 100 peresenti, koma eni malo ambiri anangoti ndiye sitigulitsa, ndipo msonkhowo unathetsedwa mu 1953. Njira imene inakhazikika pambuyo pake ku England ndi Wales ndi yokambirana malo ndi malo, pansi pa gawo 106 la lamulo la Town and Country Planning Act la 1990, moti anthu a ntchito imeneyi kumeneko amangoti "Section 106" basi. Ku Colombia lamulo la nambala 388 la 1997 limalola makhonsolo kutenga pakati pa 30 ndi 50 peresenti ya kukwera kwa mtengo wa malo. Mzinda wa Munich ku Germany unakhazikitsa ndondomeko yake mu 1994: womanga alipire misewu ndi malo osungirako ana, nyumba zina zikhale zotsika mtengo, koma gawo limodzi mwa magawo atatu a phindulo, kapena kuposerapo, litsale kwa mwini malo. Maina ndi osiyana, koma mfundo ndi imodzi.

Tsiku limene ndinapita kukapempha pangano lathu sindidzaliiwala. Kalaliki wa ku ofesi ya mapulani anandiyang'ana modabwa, osati mwamwano ayi, koma ngati munthu amene wapemphedwa chinthu chimene palibe amachipempha. Anasowa kwa kanthawi, kenako anatulukira ndi fayilo yonenepa yomangidwa ndi chingwe. "Kutuluka nayo simungatuluke nayo, mayi, koma werengani pomwepa." Ndinakhala pa benchi m'khonde, fayilo pamiyendo, n'kumajambula tsamba lililonse ndi foni. Kumapeto kwake kunali mapu opindapinda. Nditawatambasula ndinaona dera lathu lonse lili pa pepala: nyumba yathu kabokosi kakang'ono, msewu wathu mzere wotuwa, ndipo pakati penipeni kachigawo kopakidwa mtundu wobiriwira, kolembedwa kuti bwalo la ana. Kachigawo komweko kanali pachikwangwani chachikulu chija chimene chinatikopa tsiku loyamba. Pamalo pake lero pali mulu wa zidutswa za njerwa umene unamera udzu.

Poyamba ndinasangalala, chifukwa zonse zinalimo. Gawo lomaliza la phula linalembedwa, makulidwe ake ndi mtundu wa miyala yake. Magetsi a mumsewu analembedwa. Bwalo la ana linalembedwa mpaka mpanda wake. Ndinati basi, tawapeza. Kenako ndinafika pa ndime yonena za nthawi. Inkati kampani idzamaliza zinthu zimenezi nyumba ya nambala 150 isanalowedwe. Mapu anali ndi nyumba 160. Madzulo ake ine ndi bambo a pakona aja tinayenda dera lonse wapansi tikuwerenga nyumba zokhalamo anthu, ndipo tinapeza 142. Mapuloti otsalawo ali kumunsi, kudambo, kumene maziko amadya ndalama zambiri. Kaya anaima dala, kaya ndalama zinawathera, kwa ife zotsatira zake n'zimodzi: malinga ndi pepalalo, kampani inali isanaphwanye chilichonse. Tsiku lokwaniritsa lonjezo linali lisanafike, ndipo panalibe chokakamiza kuti lifike.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene chandichititsa kulemba nkhaniyi. Anthu tikamva za mapangano amenewa timathamangira kufunsa kuti kampani yalonjeza chiyani. Makhansala nawonso amanyadira mndandanda: talandira sukulu, talandira msewu, talandira paki. Koma mphamvu ya pangano ili pa mafunso ena atatu amene samveka bwino pamsonkhano. Zidzachitika liti? Zikapanda kuchitika, ndalama zomalizira ntchitoyo zichokera kuti? Zikatha, adzazisamalira ndani? Pangano lolonjeza zochepa koma loyankha mafunso amenewa molimba limaposa kutali lolonjeza mzinda wonse popanda tsiku.

Funso lachiwiri linandifikitsa pa ndime ya chikole. Mwachizolowezi kampani imapereka kalata ya ku banki kapena ku kampani ya inshuwalansi yonena kuti ikalephera kumaliza misewu ndi ngalande, khonsolo itenge ndalama zakuti imalizitse yokha. Chimenechi ndiye fodya wa pamphuno, malonjezo enawo ndi wa pachala. Chikole chathu chinalipo, koma chinali ndi mabala atatu. Anachiwerengera pa mitengo ya chaka chimene ankasaina, popanda ndime yochikweza zinthu zikamadula. Gawo lalikulu anali atalibweza kale kwa kampani pamene gawo lapansi la msewu ndi mapaipi zinayalidwa, moti chotsala chinali chochepa poyerekeza ndi ntchito yotsala, imene tsopano inaphatikizapo kukonza zimene mvula yawononga. Bala lachitatu ndi limene linandizizira thupi. Dzina lalikulu lija la pachikwangwani silinasaine paliponse. Inasaina ndi kampani ina yaing'ono, yokhazikitsidwa chifukwa cha ntchito yathuyi yokha, imene chuma chake chonse chinali malo omwewo. Malowo atagulitsidwa, inatsala chikhungwa chabe.

Zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndipo maloya a makhonsolo odziwa ntchito amawadziwa. Ntchito zazikulu zimangiriridwe ku nyumba zoyambirira ndi zapakati, osati zakumapeto zokha. Pakhale tsiku lenileni la pa kalendala, kuti nambala ya nyumba ikapanda kukwana, tsikulo likakamize. Chikole chizikwera ndi mitengo, ndipo gawo lokwanira lisabwezedwe mpaka injiniya wa khonsolo atayendera ntchito yonse, n'kudutsanso chaka chimodzi choonera ngati msewu ukupirira. Kampani yaikulu isaine ngati mboni yolipira kampani yake yaing'onoyo ikagwa. Ndi mizere yochepa pa pepala, koma kusowa kwake ndi kumene kunagwetsa mwana wanga pa njinga.

Ife tinali ndi mwayi kuti nyumba zathu zinatha, madzi ndi magetsi zikufika. Dziko la Ireland linaona mapeto enieni a vuto limeneli. Malonda a nyumba atagwa cha mu 2008, makampani ambiri anatseka ntchito ili pakati. Kafukufuku wa boma wa mu 2010 anawerenga madera a nyumba zatsopano oposa 2,800 amene anali osatha. Mabanja ankakhala m'nyumba ziwiri zitatu zotha pakati pa zipupa zopanda madenga, maenje osakwirira ndi misewu yopanda magetsi. M'malo ambiri zikole zinapezeka zochepa kapena zotha nthawi, ndipo ntchito yokonza inatenga zaka, boma likuthiramo ndalama za anthu. Chimodzi chimene ndinachikonda m'malamulo awo ndi gawo 180 la lamulo la mapulani la 2000, limene linapatsa eni nyumba mphamvu yoti, ambiri mwa iwo akagwirizana, apemphe khonsolo kuti iyambe ndondomeko yolandira dera lawo. Lamulolo linavomereza kuti pali munthu wachitatu pa nkhaniyi.

Sindikufuna kuti wina amve ngati ndikunena kuti omanga nyumba ndi akuba. Ndikugona m'nyumba imene kampani inamanga, ndipo popanda anthu olimba mtima kukongola ndalama zambiri n'kuzikwirira m'mapaipi zaka zingapo asanagulitse puloti ndi imodzi yomwe, mizinda ikanadzaza ndi zisakasa. Iwonso ali ndi mantha awo omveka. Ku California, chigawo cha United States, kampani ya Avco inawononga madola oposa 2 miliyoni kusalaza malo ndi kuika ngalande ndi mapaipi, kenako malamulo anasintha ntchito ili m'kati. Mu 1976 khoti lalikulu la chigawocho linagamula kuti popeza inali isanatenge chilolezo chomangira nyumba zenizenizo, inalibe ufulu wopitiriza pa malamulo akale. Chigamulo chimenecho chinathandiza kuti mu 1979 pabwere lamulo lolola mapangano a pakati pa mizinda ndi omanga. Kwa womanga, phindu la pangano ndi limenelo: kutsimikiza kuti malamulo a lero ndi omwe adzagwire ntchito mpaka nyumba yomaliza. Lamulo lomwelo limafuna kuti panganolo lidutse pamsonkhano wa poyera, komanso kuti liziunikidwa kamodzi pa miyezi 12 iliyonse kuti aone ngati womanga akulitsata. Kuunika kwa chaka ndi chaka kumeneku kukanakhalapo kwathu, wina akanaona msanga kuti nambala yaima pa 142.

Khonsolo nayonso ikhoza kuchita dyera. Ikadziwa kuti munthu sangamange popanda sitampa yake, chiyeso chimakhalapo chopempha zinthu zosakhudzana ndi ntchitoyo. Ku United States nkhani zotere zinafika ku khoti lalikulu kwambiri kangapo. Mu 1987, pa mlandu wa Nollan, khoti linati chimene boma likupempha chiyenera kulumikizana ndi vuto limene chomangacho chikubweretsa. Florence Dolan, amene ankafuna kukulitsa sitolo yake ya zipangizo za mapaipi ndi magetsi mumzinda wa Tigard ku Oregon, anauzidwa kuti apereke gawo la malo ake likhale njira ya njinga ndi malo a madzi osefukira, ndipo mu 1994 khoti linati chopemphedwa chizifananirako ndi kukula kwa vutolo. Mu 2024 khoti lomwelo, pa mlandu wa George Sheetz amene analipitsidwa madola 23,420 a misewu kuti aike nyumba imodzi pamalo ake ku California, linati ndalama zotere sizingathawe mayeso amenewa chabe chifukwa zinaikidwa ndi opanga malamulo. Ku England mfundo yofanana inalowa m'malamulo mu 2010: chopemphedwa chikhale chofunikadi kuti ntchitoyo ivomerezeke, chikhale chokhudzana nayo mwachindunji, ndipo kukula kwake kukhale kwachilungamo. Malire amenewa ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse. Chilolezo sichiyenera kugulitsidwa kwa wopereka zambiri, ngakhale ndalamazo zitapita ku ntchito yabwino.

Pali mawu amene mudzawamva nthawi zonse pa mkangano umenewu, akuti chilichonse chimene khonsolo yapempha chimakathera pa mtengo wa nyumba, ndiye wovutika ndi wogula. Muli choonadi pang'ono, koma nthawi ndi imene imasankha wolipira. Womanga akadziwiratu, asanagule malo, kuti adzayenera kumanga msewu wakuti ndi kusiya malo akuti, amachotsera ndalamazo pa mtengo umene angapereke kwa mwini munda. Zikatero wolipira ndi uja anapindula ndi sitampa. Koma zofunika zikatulukira mochedwa, malo atagulidwa kale pa mtengo wokwera, womanga amayamba kufunafuna podula: kukweza mtengo wa nyumba, kuchepetsa simenti, kapena kubwerera kukhonsolo kukalira. N'chifukwa chake ndimaona kuti njira ya malamulo odziwikiratu, ofanana kwa aliyense, monga ya ku Munich kapena ya ku Ontario ku Canada kumene khonsolo ikhoza kupempha mpaka 5 peresenti ya malo a nyumba kuti akhale paki, imateteza anthu kuposa kukambirana kwa m'chipinda kumene wopambana amakhala amene wabwera ndi maloya ambiri.

Kubwerera kukalira kumeneku ndi khomo lina limene malonjezo amatulukira. Kampani imabweretsa chiwerengero chosonyeza kuti ikakwaniritsa zonse siipeza phindu lokwanira, ndipo ntchito iima. Khonsolo, poopa kutsala ndi chigwembe, imafewa. Chitsanzo chodziwika ndi cha Battersea Power Station ku London, malo akale opangira magetsi amene anasandutsidwa dera la nyumba, kumene mu 2017 khonsolo inavomera kuti nyumba zotsika mtengo zimene zinalonjezedwa zitsike kuchoka pa 636 kufika pa 386. Nthawi zina kulirako kumakhala koona, chifukwa mitengo ya zitsulo ndi chiwongoladzanja zimasinthadi. Chondipweteka n'chakuti kwa zaka zambiri ziwerengero zotere zinkabisidwa ati ndi chinsinsi cha malonda, chikhalirecho chimene chikuchotsedwa ndi cha anthu onse. Mu 2018 boma kumeneko linasintha malangizo: ziwerengerozo zizionetsedwa poyera, ndipo kugula malo modula si chifukwa chokanira kutsata ndondomeko ya khonsolo. Ndingawonjezere chimodzi. Ngati pangano lingafewe malonda akavuta, lizilimbanso malonda akayenda bwino kuposa mmene ankayembekezera. Chitseko chisamatseguke mbali imodzi yokha.

Funso lachitatu lija, loti adzasamalira ndani, ndinalimvetsa mochedwa, ndipo linandisintha maganizo pa khonsolo. Ndinkaganiza kuti kupatsidwa msewu waulere ndi mphatso. Injiniya wina wa kukhonsolo, mayi wofatsa amene pambuyo pake anatithandiza kwambiri, anandiuza kuti: "Mayi, tsiku limene tasaina kuti taulandira msewu, tasainanso kuti tidzauyalanso phula ukatha, tidzasintha mapaipi akaola, tidzalipira magetsi ake usiku uliwonse mpaka kalekale." Dera la nyumba zotalikirana, lokhala ndi misewu yaitali yokhotakhota, likhoza kubweretsa msonkho wochepa kuposa ndalama zolisamalira. Zaka zoyamba palibe amaona, chifukwa zonse n'zatsopano. Ngongole imadzatulukira pa ana athu. Choncho khonsolo ikakana kulandira msewu woyalidwa mwachinyengo, ikuteteza anthu, ngakhale ife okhala pamsewupo timamva ngati yatitaya.

Koma kukanako kwabala vuto lina. M'malo ambiri misewu, ngalande ndi mabwalo a m'madera atsopano sizipitanso kukhonsolo. Zimaperekedwa kwa kampani yosamalira dera, ndipo eni nyumba amailipira chaka ndi chaka pamwamba pa msonkho wa khonsolo. Mu February 2024 bungwe loona za mpikisano pa malonda ku Britain, la Competition and Markets Authority, linapeza kuti 80 peresenti ya nyumba zatsopano zimene makampani 11 akuluakulu anagulitsa mu 2021 ndi 2022 zinali ndi malipiro otere, apakatikati ake mapaundi 350 pa chaka, ndipo linalangiza kuti makhonsolo azilandira zinthu zimenezi m'madera onse atsopano. Munthu amalipira kawiri pa msewu umene aliyense amadutsamo, ndipo nthawi zambiri alibe mphamvu yochotsa kampaniyo ikamagwira ntchito mosalongosoka. Chiganizo chachikulu chonchi chimapangidwa m'ndime imodzi ya pangano limene wogula sanalionepo.

Ngakhale ndalama zikaperekedwa, nkhani siinathe. Mu 2024 bungwe la makampani omanga nyumba la Home Builders Federation linayerekeza kuti makhonsolo a ku England ndi Wales akusunga mapaundi oposa 8 biliyoni ochokera kwa omanga amene sanagwiritsidwebe ntchito. Bungwelo lili ndi mbali yake pa mkanganowu, ndipo zina mwa ndalamazo zimakhala zikudikira ntchito zazikulu zimene zinakonzedwa kale. Komabe mapangano ambiri ali ndi ndime yoti ndalama zikakhala zaka zakuti osagwira ntchito zibwezedwe kwa kampani, ndipo zikatero kalasi imene inalipiridwa siimangidwa. Nthawi zambiri chosowa si chilungamo koma munthu. Pangano limasainidwa ndi chikondwerero, fayilo imamangidwa chingwe, ofisala amene analikambirana amasamutsidwa, ndipo palibe amene ntchito yake ndi kuwerenga nyumba ndi kuyang'ana kalendala.

Kwathu owerenga nyumba tinakhala ife. Tinasindikiza masamba aja ndinajambula, tinakumana pakhonde la bambo a pakona Loweruka lina masana, mabanja oposa makumi atatu, ndipo tinawerenga ndime ndi ndime mokweza. Mtsikana wina wophunzira zamalamulo, mwana wa mnansi wathu, ndi amene anaona kandime kakang'ono chakumapeto kamene ine ndinakadumpha. Kankati ntchito ikaima kwa nthawi yaitali ndipo khonsolo ikaona kuti pali chiopsezo kwa anthu, ikhoza kulemba kalata yochenjeza, ndipo nthawi ya chenjezo ikatha ikhoza kulowa, kugwira ntchitoyo ndi kutenga chikole. Mphamvu inalipo nthawi yonseyi. Inkangosowa woikumbutsa.

Tinalemba kalata yotchula nambala ya ndimeyo, tinaikamo zithunzi za madzi odikha ndi za bondo la mwana wanga, tinasaina tonse, ndipo tinapempha khansala wathu kuti aifikitse ku komiti ya mapulani. Panapita miyezi inayi. Kenako m'mawa wina mayi injiniya aja anabwera ndi anyamata awiri, tepi yoyezera ndi chitini cha penti yachikasu. Tinayenda nawo msewu uliwonse. Pa chivindikiro chilichonse chotumphuka ankapopera mzere wozungulira n'kulemba nambala. Bambo a pakona ankawatsogolera, kuwaonetsa kalavati yotsekeka ndi pamene m'mphepete mwa msewu munagumuka. Anatiuza mosabisa kuti chikole chotsalacho chingakwanire phula ndi ngalande za misewu ikuluikulu iwiri, koma bwalo la ana ayi, pokhapokha mapuloti a kudambo atagulidwa ndi womanga wina, popeza pangano limatsata malo, silitsata munthu, ndipo wogula watsopanoyo adzalipeza likumudikira.

Mwezi wathawu mng'ono wanga anandiimbira ali wosangalala kuti wapeza nyumba m'dera lina latsopano, ndipo akufuna ndikaione. Ndinapita. Iye ankandionetsa khitchini ndi mawindo aakulu, ine maso ali pansi, pamsewu. Tisanalowe m'nyumba ndinamupempha wogulitsayo kuti atiuze ngati msewuwo khonsolo idzaulandire, chikole chili ku banki iti ndipo chatsala chochuluka bwanji, bwalo la pachikwangwani lamangiriridwa ku nyumba ya nambala chani, komanso dzina la kampani imene inasaina. Mnyamatayo anavomera kuti mayankho alibe, koma analonjeza kukafunsa. Mng'ono wanga anandikoka dzanja n'kunong'ona kuti: "Achemwali, mukundichititsa manyazi." Ndinamuuza kuti Lolemba tipitira limodzi ku ofesi ya mapulani, ndipo asapereke ndalama iliyonse tisanakhale pa benchi ndi fayilo pamiyendo. Anavomera monyinyirika.

Kalata yochenjeza kampani yathu inatumizidwa, ndipo nthawi yake ikutha kumapeto kwa mwezi wamawa. Chivindikiro cha pageti pathu ndi nambala 17 mwa 31. Penti yachikasu ija yayamba kufufutika ndi matayala, ndiye Lamlungu lapitali ine ndi mwana wanga tinaibwereza ndi burashi, kuti anyamata a phula akadzabwera adzaipeze ikuoneka.